Mmene mungalimbanirane ndi funso lovuta la masamu a mpikisano

Funso la masamu a mpikisano silifanana ndi la m'kalasi. La m'kalasi limabwera mutangomaliza kuphunzira mutu wake, ndiye chida chogwiritsa ntchito mumachidziwiratu. La mpikisano limabwera lokhalokha, mizere iwiri kapena itatu, ndipo silikuuzani kumene lachokera. Pa International Mathematical Olympiad, mpikisano umene unayambira ku Romania mu 1959 ndi mayiko 7 okha, ophunzira amalemba masiku awiri. Tsiku lililonse amalandira mafunso 3 ndipo amapatsidwa maola 4 ndi theka. Funso lililonse lili ndi malikisi 7, onse pamodzi 42, ndipo kugwiritsa ntchito kakyuleta n'koletsedwa. Ola ndi theka pa funso limodzi! Amene anaika nthawi yotere ankadziwa kuti gawo lalikulu la nthawiyo wophunzira amakhala atagwira njakata, osaona kolowera. Malangizo awa ndi a nthawi imeneyo. Akunena zimene dzanja lanu liyenera kumachita pamene mutu sunapeze njira.

Mafunsowa amachokera m'zigawo zinayi: geometry, number theory (masamu a manambala athunthu), algebra ndi combinatorics (masamu a kuwerenga, kusankha ndi kusanja zinthu). Safuna masamu a ku yunivesite. Zida zake n'zochepa, ndipo zambiri wophunzira wa sekondale anazionapo kale. Chovuta n'kudziwa chida chotenga ndi malo ochiika.

Yambani ndi kulimva funsolo

Liwerengeni kawiri, kenako tsekani pepala n'kulinena m'mawu anuanu. Mukalephera, ndiye kuti simunalimve, ndipo zimene mulembe zikhala yankho la funso lina. Samalani timawu ting'onoting'ono. Kodi manambalawo ndi athunthu kapena alionse? Kodi 0 waloledwa? Kodi a ndi b akhoza kufanana?

Mafunso ambiri amagwa m'magulu awiri. Ena amati "tsimikizirani kuti…", ndipo apa yankho mwapatsidwa kale, chofunika ndi umboni. Ena amati "pezani manambala onse amene…". Awa ali ndi ntchito ziwiri: kusonyeza kuti amene mwapezawo akukwaniradi, ndi kusonyeza kuti palibenso ena. Ophunzira ambiri amachita imodzi n'kuiwala inzake. Lembani ntchito ziwirizi pamwamba pa pepala musanayambe chilichonse.

Detsani pepala ndi manambala aang'ono

Apa ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi sitepe imene anthu amaipeputsa kwambiri. Amaona ngati kuyesa 1, 2, 3 ndi ntchito ya ana, ndiye amangokhala ndi kuyang'ana funso, kudikira kuti fomyula itulukire yokha. Siituluka.

Tengani funso ili: pezani manambala onse athunthu n oposa 0 amene n⁴ + 4 imakhala prime, kutanthauza nambala yoposa 1 imene imagawika ndi 1 komanso ndi iyo yokha basi.

Werengetsani. n = 1 ikupereka 5, imeneyi ndi prime. n = 2 ikupereka 20, n = 4 ikupereka 260. Mwaona kale kuti n ikakhala yogawika ndi 2, zotsatira zake zimagawikanso ndi 2, ndiye amenewo achoka. n = 3 ikupereka 85, yomwe ndi 5 × 17. n = 5 ikupereka 629. Iyi imanyenga. Siigawika ndi 2, 3, 5, 7, 11 ngakhale 13, ndipo wotopa msanga amangolemba kuti ndi prime. Pitirizani kamodzi kokha: 629 = 17 × 37. Taonani, 17 wabweranso. n = 7 ikupereka 2405. Maso athamangira 5 chifukwa nambalayo yathera ndi 5, koma popeza 17 anabwera kawiri, tayesani 37. Mupeza 2405 = 37 × 65.

Tsopano lembani zimene mwapeza, china pansi pa chinzake: 1 × 5, kenako 5 × 17, kenako 17 × 37, kenako 37 × 65. Manambala akutuluka ndi 1, 5, 17, 37, 65. Chotsanipo 1 pa iliyonse: 0, 4, 16, 36, 64. Onsewa ndi masikweya. Pa n = 3 tili ndi 2² + 1 ndi 4² + 1. Pa n = 5 tili ndi 4² + 1 ndi 6² + 1. Ndiye ganizo labwera lokha kuti n⁴ + 4 ndi (n − 1)² + 1 kuchulukitsa ndi (n + 1)² + 1. Tsegulani mabulaketi muone. Woyamba ndi n² + 2 − 2n, wachiwiri ndi n² + 2 + 2n, ndipo kuwachulukitsa kukupereka (n² + 2)² − 4n², yomwe ndi n⁴ + 4 ndendende. n ikaposa 1, zigawo ziwirizi zonse zimaposa 1, choncho nambalayo singakhale prime. Yankho ndi n = 1 yokha.

Kuphwanya kotere kumadziwika ndi dzina la Sophie Germain, katswiri wa masamu wa ku France amene anabadwa mu 1776. Koma inu mwakupeza musakudziwa dzinalo, pongowerengetsa manambala ochepa ndi kuwandandalika bwino. Kundandalikako n'kofunika. Manambala omwewo atamwazikana pangodya zinayi za pepala, 17 wachiwiri uja simukanamuona.

Chenjezo limodzi. Zimene manambala aang'ono akuonetsa ndi ganizo chabe, si umboni. Katswiri wa masamu Leonhard Euler anaona kuti n² + n + 41 imapereka prime kuyambira n = 0 mpaka n = 39, maulendo 40 motsatizana, koma pa n = 40 imapereka 1681, yomwe ndi 41 × 41. Chitsanzo china: ikani madontho m'mphepete mwa seko, lumikizani lililonse ndi anzake onse, ndipo onetsetsani kuti mizere itatu isakumane pamalo amodzi mkatimo. Madontho 2 amagawa sekoyo m'zigawo 2, madontho 3 m'zigawo 4, madontho 4 m'zigawo 8, madontho 5 m'zigawo 16. Aliyense angalumbire kuti madontho 6 apereka 32. Amapereka 31.

Funso likakhala la manambala athunthu, yang'anani zotsala

Mu number theory chida choyamba kutenga ndi chotsala pogawa. Sikweya ya nambala yathunthu ikagawidwa ndi 4 imasiya 0 kapena 1 basi. Chifukwa chake n'chachifupi: (2k)² = 4k², ndipo (2k + 1)² = 4k² + 4k + 1. Mfundo yaing'ono imeneyi imagwetsa mafunso ambiri. Akakufunsani ngati pa manambala 11, 111, 1111 ndi otsatira ake pali sikweya, onani kuti iliyonse ndi mahandiredi angapo kuphatikiza 11. Handiredi imagawika ndi 4, ndipo 11 amasiya 3. Palibe sikweya yosiya 3, ndiye nkhani yatha. Chimodzimodzi x² + y² = 2023 ilibe yankho la manambala athunthu, poti masikweya awiri akaphatikizana amasiya 0, 1 kapena 2, pomwe 2023 amasiya 3.

Nanga mudziwa bwanji nambala yogawira? Mukaona masikweya, yesani 3, 4 ndi 8. Pa 3 masikweya amasiya 0 kapena 1, pa 8 amasiya 0, 1 kapena 4. Mukaona x³, yesani 7 ndi 9. Pa 7 zotsala ndi 0, 1, 6, pa 9 ndi 0, 1, 8. Mukufuna nambala yomwe zotsala zake n'zochepa, kuti mbali ziwiri za equation zisowe pokumana. Timatebulo timeneti pangani nokha kamodzi ndi pensulo, tikhazikika m'mutu kuposa kuloweza.

Chida chachiwiri ndi ichi: nambala ikagawa manambala awiri, imagawanso kusiyana kwawo, ngakhale mutayamba mwawachulukitsa. Ndi mtima wa njira ya Euclid, ya zaka zoposa 2,000 zapitazo. Funso loyambirira la Olympiad ya 1959 linali lotsimikizira kuti fulakishoni ya 21n + 4 pamwamba ndi 14n + 3 pansi singachepetsedwe, n ikhale nambala yathunthu iliyonse yoposa 0. Cholinga chanu n'kuchotsa n. Manambala 21 ndi 14 amakumana pa 42, ndiye chulukitsani yapansi ndi 3, yapamwamba ndi 2. Mupeza 42n + 9 ndi 42n + 8. Kusiyana kwawo ndi 1. Nambala iliyonse yogawa zonse ziwiri iyenera kugawa 1, choncho ndi 1 yemweyo.

Funso likakhala la kusankha kapena kusuntha zinthu

Combinatorics imaopsa chifukwa ilibe mafomyula ambiri ogwira. Dzifunseni mafunso awiri.

Loyamba: kodi zisa zili pati? Nkhunda 11 zikalowa m'zisa 10, chisa china chikhala ndi nkhunda zosachepera ziwiri. Mfundoyi imatchulidwa ndi dzina la Dirichlet wa ku Germany, ndipo mwana aliyense angaivomereze. Luso lili pa kumanga zisazo. Nali funso: pa manambala 1 mpaka 100 mwasankhapo 51 alionse. Tsimikizirani kuti pa osankhidwawo pali awiri oti imodzi imagawa inzake.

Yambani ndi kufunsa kuti bwanji anena 51, osati 50. Yesani kusankha 50 opanda vutolo: 51 mpaka 100 akukwanira, chifukwa kuwirikiza 51 kukupereka kale 102. Ndiye 51 ndi malire enieni, ndipo izi zikukunong'onezani kuti zisa ndi 50. Kodi pakati pa 1 ndi 100 n'chiyani chilipo 50? Manambala osagawika ndi 2, kuyambira 1, 3, 5 mpaka 99. Tengani nambala iliyonse, muziigawa ndi 2 mpaka itakana. 48 afika pa 3, chifukwa 48 = 3 × 16. 12 afikanso pa 3, chifukwa 12 = 3 × 4. 40 afika pa 5. Pamene nambala yafikapo ndiye chisa chake. Manambala 51 m'zisa 50, awiri agwera chisa chimodzi, ndipo awiriwo amangosiyana kuchuluka kwa ma 2, monga 12 ndi 48. Yaing'onoyo imagawa yaikuluyo.

Funso lachiwiri: kodi n'chiyani sichikusintha? Limathandiza pamene chinthu chikuchitidwa mobwerezabwereza. Pabolodi palembedwa 1 mpaka 10. Mumafufuta manambala awiri alionse n'kulembapo kusiyana kwawo, mpaka patatsala nambala imodzi. Kodi ingakhale 0? Sewerani kawiri kapena katatu, muona kuti mukuthera pa manambala monga 1, 3 kapena 5. Tsopano yang'anani onse ataphatikizidwa. Poyamba ndi 55. Mukafufuta a ndi b, a ali wamkulu, n'kulemba a − b, chiwerengerocho chatsika ndi 2b. Chinayamba chosagawika ndi 2, ndipo kuchotsapo 2b sikungasinthe zimenezo. Nambala yomaliza siigawika ndi 2, ndiye singakhale 0.

Kupaka mitundu ndi m'bale wa njira yomweyi. Pabolodi ya chess ya timabokosi 64, mukachotsa tiwiri ta pangodya zoyang'anizana mopingasa, totsala 62 simungatiphimbe ndi timatabwa 31 tophimba timabokosi tiwiri toyandikana. Kathabwa kalikonse kamaphimba koyera kamodzi ndi kakuda kamodzi, koma tiwiri tochotsedwato ndi ta mtundu umodzi, ndiye patsala 32 ndi 30.

Pa algebra

Mafunso ambiri oyerekeza kukula kwa zinthu amatsamira pa mfundo imodzi: sikweya siitsika pansi pa 0. Akakuuzani kuti mutsimikizire kuti a² + b² + c² sichepa kuposa ab + bc + ca, yambani mwafufuza pamene mbali ziwirizi zikufanana. Zikufanana pamene a = b = c. Zimenezi zikukuuzani masikweya oti muwafune, omwe amakhala 0 pamalo pomwepo: (a − b)², (b − c)² ndi (c − a)². Aphatikizeni n'kutsegula mabulaketi, mupeza kawiri mbali yamanzere kuchotsa kawiri mbali yamanja. Popeza masikweya atatuwo sangatsike pansi pa 0, umboni wakwana.

Mafunso opeza function amafuna kulowetsamo zinthu mwanzeru. Tiyerekeze kuti f(x) + 2f(1/x) = 3x pa x aliyense amene si 0. Muli ndi zosadziwika ziwiri, f(x) ndi f(1/x), koma equation imodzi. Ikani 1/x pamalo pa x, mupeza yachiwiri: f(1/x) + 2f(x) = 3/x. Chulukitsani yachiwiriyi ndi 2 n'kuchotsapo yoyamba, patsala 3f(x) = 6/x − 3x, choncho f(x) = 2/x − x. Musaimire apa. Mwangosonyeza kuti ngati function ilipo ndi imeneyi. Ibwezereni m'funso: 2/x − x kuphatikiza 2(2x − 1/x) zikupereka 3x. Tsopano ntchito ziwiri zija zatheka.

Pa geometry, chithunzi ndiye theka la ntchito

Jambulani chachikulu, theka la tsamba, ndi rula, kampasi ndi pensulo yosongoka. Ndinakhalapo pafupi ndi wophunzira wina amene anajambula thirayango yaing'ono ngati chikhadabo, pakona pa pepala, zilembo zitapanikizana. Mbali zake ziwiri zinatuluka pafupifupi zofanana, ndipo kwa mphindi 40 ankalimbana kutsimikizira kuti mizere ina iwiri ndi yofanana, pomwe inkangooneka choncho chifukwa cha kajambulidweko. Nditamupatsa pepala lina kuti ajambule yaikulu, ya mbali zosiyana kwambiri, anangoika rula n'kuona yekha kuti mizereyo yasiyana ndi sentimita yathunthu. Zinandiwawa, chifukwa mwanayo masamu ankawadziwa. Choncho funso likati thirayango iliyonse, pewani ya mbali zofanana ndi ya ngodya ya madigiri 90. Mukaona chinthu chokopa m'chithunzi, jambulani chachiwiri chosiyana, muone ngati chikadalipo.

Kenako sakani ngodya, ndipo sakani madontho anayi okhala pa seko imodzi. Tiyeni tiyende ndi funso ili. Thirayango ABC ngodya zake zonse n'zochepera madigiri 90. Mzere wochokera pa B ukugwera pa AC mwa madigiri 90, pa dontho E. Wochokera pa C ukugwera pa AB mwa madigiri 90, pa dontho F. O ndi pakati pa seko yodutsa pa A, B ndi C. Tsimikizirani kuti AO ndi EF akumana pa madigiri 90.

Mukajambula, yambirani kumapeto. AO ndi EF akumane pa X. Mu thirayango AEX mukufuna ngodya ya pa X ikhale 90, ndiye zokwanira n'kusonyeza kuti ngodya ya pa A ndi ya pa E zikaphatikizana zikupereka 90. Funso lalikulu lasanduka timafunso tiwiri.

Ngodya ya pa E poyamba. Ngodya BEC ndi BFC zonse ndi madigiri 90 ndipo zonse zikuyang'ana BC. Ndiye E ndi F ali pa seko imene dayamita yake ndi BC. Seko imeneyi m'funsomo sinatchulidwe, mwaivumbula nokha, ndipo ijambuleni ndithu. Popeza B, C, E, F ali pa seko imodzi, ngodya FBC ndi FEC zikaphatikizana ndi 180. Koma AEF ndi FEC nazonso zikupereka 180, poti A, E, C ali pa mzere umodzi. Choncho ngodya AEF ikufanana ndi ngodya B ya thirayango yathu.

Tsopano ya pa A. Ngodya AOC ili pakati pa seko yaikulu ndipo ikuyang'ana AC, ndiye ndi kawiri ngodya B. OA ndi OC n'zofanana, choncho ngodya ziwiri zotsala mu thirayango AOC zigawana 180 − 2B mofanana, iliyonse 90 − B. Phatikizani: B ndi 90 − B zikupereka 90. Ngodya ya pa X yatsala ndi 90.

Onani kuti sitinagwiritse ntchito chiphunzitso chilichonse chachilendo. Mukaona ngodya ziwiri za madigiri 90 zoyang'ana mzere umodzi, kapena ngodya ziwiri zofanana zoyang'ana mzere umodzi kuchokera mbali imodzi, dziwani kuti pabisala seko.

Mukakanirira

Idzafika nthawi yoti zonsezi mwayesa koma khomo silikutseguka. Kuona maso a nkhono n'kudekha, komabe kudekhako kusakhale kongoyang'ana pepala. Mphindi 20 zikadutsa popanda chatsopano, sinthani kachitidwe. Werenganinso funso, muone ngati pali mfundo imene mwapatsidwa koma simunaigwiritse ntchito. Peputsani funsolo: m'malo mwa 100 ikani 6, m'malo mwa zilembo zitatu siyani ziwiri. Yerekezani kuti zimene akufunazo n'zabodza, muone chimene chisweke. Kapena tengani chinthu chaching'ono kwambiri pa zonse zokwanira, mufunse ngati mungapange china chochepa kuposa icho.

Njira yomalizayi ndi imene inagwetsa funso lotchuka kwambiri, lachisanu ndi chimodzi pa Olympiad ya 1988 ku Canberra, Australia. Limati a ndi b ndi manambala athunthu oposa 0, ndipo ab + 1 imagawa a² + b². Tsimikizirani kuti zotsatira za kugawako ndi sikweya. Ophunzira 11 okha ndi amene analiyankha mokwanira, ndipo mmodzi mwa iwo, Ngô Bảo Châu wa ku Vietnam, anadzalandira Fields Medal, imodzi mwa mphoto zazikulu kwambiri za masamu, mu 2010.

Ngakhale funso lotere limayambira pa kudetsa pepala. Yesani a = 2 ndi ma b osiyanasiyana. Pa b = 8 mupeza 68 kugawa ndi 17, yankho 4. Pa a = 3 ndi b = 27 mupeza 738 kugawa ndi 82, yankho 9. Mukalimbikira ndi a = 8, mupeza kuti kupatula b = 2 palinso b = 30: 964 kugawa ndi 241 ndi 4. Ndiye 4 akutuluka pa 2 ndi 8, komanso pa 8 ndi 30. Pali unyolo: 2, 8, 30. Onani kuti 30 = 4 × 8 − 2. Wotsatira akhala 4 × 30 − 8 = 112, ndipo mukayesa 30 ndi 112 mupezadi 4. Tsopano bwererani m'mbuyo. Asanafike 2 pali 4 × 2 − 8 = 0. Unyolo wayambira pa 0 ndi 2, ndipo pamenepo kugawako ndi 2² kugawa ndi 1. Si ameneyo sikweya uja?

Chatsala n'kusandutsa zimene mwaonazi kukhala umboni. Zotsatira za kugawa tizitche k, ndipo tiyerekeze kuti k si sikweya. Pa ma a ndi b onse oposa 0 opereka k ameneyu, tengani amene a + b ndi yochepetsetsa, b akhale wosachepa kuposa a. Equation yathu ndi b² − kab + a² − k = 0. Iyang'aneni ngati quadratic ya b, kutanthauza equation yomwe chosadziwika chake ndi b ndipo muli b². Ili ndi yankho lachiwiri, tilitche c. Malinga ndi malamulo a katswiri wa masamu François Viète onena za mayankho awiri a quadratic, b + c = ka ndipo bc = a² − k. Loyambalo likusonyeza kuti c ndi nambala yathunthu. c sangakhale 0, chifukwa zikanatero k akanakhala a², sikweya. Sangatsikenso pansi pa 0, chifukwa a² + c² = k(ac + 1), mbali yamanzere ndi yoposa 0, ndiye ac + 1 iyenera kuposa 0. Choncho c ndi woposa 0. Koma bc ndi yochepa kuposa a², ndipo a saposa b, ndiye c ndi wochepa kuposa b. Tapeza a ndi c opereka k yemweyo, ndipo a + c ndi yochepa kuposa a + b imene tinati ndi yochepetsetsa. Zatsutsana, choncho k ndi sikweya.

Lembani yankho loti wina aliwerenge

Pepala lodetsa ndi lanu, pepala la yankho ndi la wochonga. Siyani mphindi zosachepera 20 za kulemba. Funso la "pezani onse" yambani ndi kunena yankho. Chilembo chilichonse chatsopano nenani kuti chikuimira chiyani. Lembani kuchokera pa zimene mwapatsidwa kupita pa zimene akufuna, ngakhale kuti pofufuza munayambira kumapeto, chifukwa kuyamba ndi chinthu chomwe mukufuna kutsimikiziracho n'kufika pa mfundo yoona si umboni pokhapokha sitepe iliyonse ikabwezeka. Mukagawa ndi chilembo, sonyezani kuti si 0. Mawu oti "n'zoonekeratu" asamaleni kwambiri, poti nthawi zambiri amaima pamalo pomwe pali dzenje. Ndipo ngati simunamalize, lembanibe mwaukhondo zimene mwatsimikizira, monga seko yobisika ija kapena yankho lachiwiri la quadratic. Mfundo yeniyeni yopita ku yankho imatha kupeza malikisi, pomwe mndandanda wa zitsanzo zokha kawirikawiri supeza kanthu.

Pokonzekera

Mafunso a zaka zonse za Olympiad ali pa intaneti, komanso a Pan African Mathematics Olympiad, yomwe inayamba mu 1987. Yambani ndi a zaka zoyambirira ndiponso funso loyamba ndi lachinayi la chaka chilichonse, poti amenewa ndiwo amakhala opepukirako pa tsiku lawo. Musatsegule yankho ola lisanathe. Mukatsegula, werengani mzere umodzi kapena iwiri, pezani ganizo limene linakusowani, tsekani, mumalize nokha. Khalani ndi kope lolembamo ganizo limenelo m'chiganizo chimodzi, pamodzi ndi chizindikiro cha m'funso chimene chikanakutsogolerani kwa ilo.

Nali loti muyambire lero. M'chipinda muli anthu 6, ndipo awiri alionse mwina amadziwana kapena sadziwana. Tsimikizirani kuti pali atatu odziwana onse, kapena atatu oti palibe odziwana pakati pawo. Jambulani madontho 6, odziwana muwalumikize ndi mzere wofiira, osadziwana ndi wobiriwira. Sankhani dontho limodzi, muwerenge mizere 5 yochokera pa ilo, mudzifunse kuti zisa zake ndi zingati. Mukamaliza, jambulani madontho 5 okha, mupeze kapakidwe kopanda thirayango ya mtundu umodzi.